Mpando wa Kwathu ndi Lamulo la 2025

Munthu aliyense amene adayendapo wapansi ku Biwi kapena ku Mchesi mu mzinda wa Lilongwe, kaya ku Ndirande ku Blantyre, akulidziŵa fungo la utuchi ndi vanishi limene limamchingamira asanaone nkomwe shedi ya akalipentala. M'mbali mwa mseu mumandanda mabedi, makabati, matebulo ndi masofa, zonse zili padzuŵa kudikira mwini ndalama. Eni ake amakhala chapatali pang'ono, wina akupala thabwa, wina akukhoma, wina akungoponya diso pa galimoto lililonse limene lachepetsa liŵiro. Anthu ameneŵa ndiwo adayenera kuvina koposa onse m'mwezi wa Malichi 2025, pamene Unduna wa Zamalonda udalengeza mndandanda wa katundu woletsedwa kuloŵa m'dziko muno. Pamndandandapo padali ufa, mpunga, mkaka, uchi, mazira, machesi, madzi a m'mabotolo, ndiponso mipando ndi katundu wina wa m'nyumba wopangidwa ndi matabwa.

Chifukwa chake sichidali chobisika. Ndalama zakunja zidasoŵa, ndipo kwacha idali itagwetsedwa mphamvu kaŵiri m'kanthaŵi kochepa: ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023. Dziko limene likuvutika kugula mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala silingamatayenso madola pa tebulo pamene amisiri ali m'tauni iliyonse. Nkhani ya lamuloli idamveka kwambiri chifukwa cha mkangano wa zamalonda umene udabuka pakati pa Malaŵi ndi Tanzania mu Epulo chaka chomwecho, ndipo anthu adakamba za nthochi, mpunga ndi malole oima pa Songwe kufikira maboma aŵiriŵa atagwirizana. Za mipando ai, sitidakambe mokwanira. Nchifukwa chake ndati lero tikhale pansi, inu aphunzitsi anzanga ndi inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, tifunsane: kodi kutseka chipata kuti mpando wakunja usaloŵe ndiko kupanga mpando wabwino wa kwathu?

Ndiyambe ndi kunena poyera kuti cholinga cha lamuloli ndidachivomereza. Katundu wambiri wakunja amene adadzaza m'masitolo mwathu sadali wa matabwa enieni. Udali utuchi wodinda ndi guluu, pamwamba nkumatapo kachipepala konyezimira kooneka ngati mbaŵa. Madzi akangomgwera amafufuma, ndipo mukasamuka naye kaŵiri pa lole, kachitatu mumanyamula zidutswa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe anthu amene ankagula katunduyo sadali opusa onse. Ankagula chifukwa ankamuona ndi maso ali wothatha, mtengo wake uli wolembedwa, madilowa ake akutseguka mosakakamira, ndipo ankapita naye kunyumba tsiku lomwelo. Zinthu zinai zimenezi ndizo mmisiri wa kwathu amalephera kulonjeza kaŵirikaŵiri, ndipo palibe lamulo la Unduna limene lingampatse.

Ine mwini ndidaphunzira zimenezi ndi ndalama zanga. Nditalandira malipiro anga oyamba a uphunzitsi ndidapita kwa kalipentala wina wa pafupi ndi pamene ndinkakhala, nkumuuza kuti andipangire tebulo loŵerengerapo ndi lochongerapo makope a ana. Adandiuza kuti, "Aphunzitsi, masabata aŵiri basi, mudzalipeza lili mbee." Ndidapereka theka la ndalama. Masabata aŵiri adasanduka miyezi iŵiri, ndipo ulendo uliwonse ndinkamva za maliro kumudzi, za magetsi, za mnyamata wothandiza amene wathaŵa. Tebulo litabwera lidali lokongola ndithu, moti ndidaiŵala mkwiyo wanga. Koma pofika mu Okutobala, dzuŵa litakula, pakati pa matabwa aŵiri a pamwamba padatseguka mpata woti pensulo nkugweramo, ndipo mwendo umodzi udayamba kuyandama. Mpaka lero pansi pake pali buku lakale la masamu.

Kwa nthaŵi yaitali ndinkati munthu uja adandibera. Pambuyo pake ndidazindikira kuti vuto lake lidali lalikulu kuposa kusakhulupirika. Thabwa longochekedwa kumene limakhala ndi madzi ambiri, nthaŵi zina ofika theka la kulemera kwake, pamene thabwa loyenera kupangira katundu wa m'nyumba liyenera kutsala ndi madzi okwana ngati magawo 12 pa 100. Madziwo akamachoka thabwa limafota, ndipo limafota m'mimba mwake, osati m'litali. Ndiye mukalumikiza matabwa aŵisi nkuŵakhomera pamodzi, aliyense amakoka kwake pouma, mapeto ake ndi mng'alu kapena kupindika. Mankhwala ake ndi odziŵika: kusanja matabwa pamthunzi, potalikira pansi, nkuika timitengo pakati pao kuti mphepo izidutsa, ndi kudikira miyezi ingapo, makamaka ngati mtengowo uli wolimba. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tsono kudekha kumeneku kumafuna ndalama. Mmisiri amene amagula matabwa atatu lero ndi ndalama zimene mwampatsa inu lero lomwe sangathe kusunga mulu wa matabwa kwa theka la chaka. Amapala thabwa likudontha madzi chifukwa ana ake akufuna nsima madzulo ano.

Apa mpamene pagona nkhani. Mpando wabwino umayambira kutali ndi shedi, ndipo tikautsata kumene ukuchokera tifika kunkhalango, kumene zinthu sizili bwino.

Makolo athu mu ntchito imeneyi ankanyadira mitengo ingapo. Mlombwa, wamaŵanga okongola ndiponso wosafota kwambiri, ndiwo udali mfumu ya zitseko ndi makabati. Mbaŵa idali ya matebulo ndi mabedi. Muŵanga ndi tsanya zidali za ntchito yofuna kulimba, phingo wa ziboliboli, ndipo mkungudza wa pa phiri la Mulanje, wonunkhira ndi wosadyedwa ndi chiswe, udali wa mabokosi osungiramo zovala ndi madenga a nyumba zikuluzikulu. Mkungudza umenewu udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi. Koma akatswiri ataŵerenga m'chaka cha 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse, ndipo nayonso sidakhalitse. Mbande zambirimbiri zabzalidwa kuyambira nthaŵi imeneyo ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira, koma ozibzalawo sadzapala thabwa lake. Mlombwa nawo umatenga zaka zoposa 80 kuti ufike pochekedwa matabwa abwino. Kunena kwina, mlombwa umene kalipentala akupala lero udamera agogo ake asanabadwe, ndipo palibe amene adaubzala.

Si akalipentala a m'mbali mwa mseu amene adatha mitengo imeneyi paokha, ndipo nkulakwa kuŵasenzetsa mlandu wonse. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ng'anjo ya makala sisankha kuti uwu ndi mlombwa. Palinso ogula akunja ofuna zipika zathunthu. Mu 2016 anthu oposa 30, ena a iwo ochokera ku Mozambique ndi ku China, adagwidwa m'nkhalango yotetezedwa ya Lengwe ku Chikwawa ali ndi mathirakitala, akugwetsa mitengo ya tsanya. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango za m'lamulo la zankhalango la 1997. Zilango nzofunika, koma chilango sichimeretsa mtengo.

Nanga paini? Apa mpomvetsa chisoni koposa, pakuti paini tidachita kubzala ndi manja athu. Kuyambira m'chaka cha 1964 boma lidabzala mahekitala pafupifupi 53,000 pa mapiri a Viphya, nkhalango imene tonse timaitcha Chikangawa, ndi cholinga chodyetsa fakitale yopanga zipangizo za mapepala imene idayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo sidamangidwe, ndipo nkhalangoyo idatsala ngati nkhokwe ya matabwa yokwanira mibadwo ingapo. Koma moto wa chaka ndi chaka, pamodzi ndi kucheka kosabwezeretsa, zidasiya mapiri ambiri ali mbee, ndipo matabwa ochuluka adatuluka m'dziko muno ali osapala, kukapangidwa mipando ndi amisiri a maiko ena. Amene adadutsa pa mseu wa M1 pakati pa Jenda ndi Mzuzu ali mwana, nadutsanso atakula, safuna kuuzidwa ndi munthu. Paini amafuna zaka 20 kapena 25 kuti akhwime. Chifukwa cha njala ya matabwa, wambiri akuchekedwa ali wanthete, ndipo ndi yemweyo amene akufika kwa kalipentala wanga uja, woŵisi ndi wofeŵa.

Tsono taonani pamene lamulo loletsa katundu wakunja lidatifikitsa. Ngati anthu onse amene ankagula makabati akunja atembenukira kwa amisiri a kuno, matabwa ofunika achuluka pomwe mitengo ikuchepa. Mtengo wa thabwa ukwera, kalipentala afulumira koposa kale, ndipo wogula alandira tebulo longa langa pa mtengo woŵirikiza. Walira mvula walira matope. Tikapanda kusamala, lamulo lofuna kupulumutsa madola likhoza kutsiriza nkhalango, ndipo ogula adzayamba kulira kuti chipata chitsegulidwenso.

Pali chinthu china chimene ambiri sadziŵa, chomwe ine ndikuchiona ngati khomo lotseguka. Maiko a pa dziko lapansi ali ndi pangano lotchedwa CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi ya kutha. Pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016 mitengo ya mtundu wa phingo idaikidwa pa mndandanda wa zofuna chilolezo chapadera potuluka m'dziko. Pa msonkhano wa ku Geneva mu 2019 dziko la Malaŵi lenileni ndilo lidapempha kuti mkungudza wa ku Mulanje ndi mukula ziikidwenso pamenepo, ndipo pempholo lidavomerezedwa. Ku Panama mu 2022 adaonjezapo mlombwa, mbaŵa ndi msambamfumu za mu Africa. Chofunika kuchimvetsa nchakuti pa mlombwa, mbaŵa ndi msambamfumu, panganoli limagwira zipika, matabwa ocheka ndi zina zongokonzedwa pang'ono, koma siligwira mpando wothatha. Ndiye kuti ngakhale malamulo a maiko akutiuza zomwe nzeru idayenera kutiuza kale: wogulitsa chipika njira yake ikunka nichepa, pamene wogulitsa luso la manja ake njira ikadali yotseguka. Izi sizikutanthauza kuti tithe mlombwa wotsalawo poupanga mipando. Zikutanthauza kuti pa thabwa lililonse limene tadula movomerezeka tiyenera kupezapo phindu lonse limene lingatuluke.

Ndipo umboni woti luso limagulitsa kuposa mtengo tili nao kale. Mpando woluka uja wa msana wozungulira, umene timaupitirira m'mbali mwa miseu osaupenya kaŵiri, ukugulitsidwa m'masitolo a ku Johannesburg, Cape Town ndi London, ndipo kumeneko amautcha ndi dzina la dziko lathu: mpando wa ku Malaŵi. Mulibe mlombwa m'menemo. Mafupa ake ndi timitengo wamba monga bulugamu, ndipo chotsala ndi nsungwi zong'amba ndi zomera zoyanga, zolukidwa ndi manja kwa masiku angapo. Nsungwi imayamba kudulidwa ikatha zaka 4 kapena 5, ndipo mukadula imaphukanso pa tsinde lomwelo. Chimene wogula wa ku London akulipira ndi maonekedwe a mpandowo ndi kaluso ka kalukidwe kake. Chondidandaulitsa nchakuti mtengo wa kumeneko umaposa kangapo konse zimene wolukayo amalandira, ndipo ndalama zapakatizo zimapita kwa amene amadziŵa kujambula chithunzi chabwino, kulemba kalata, kuŵerengera za mayendedwe ndi kudzaza mapepala a pachipata. Zonsezi ndi ntchito za munthu wopita kusukulu. Mwana wa wolukayo, amene ali ndi satifiketi ya MSCE ndipo akuti akusoŵa ntchito, akadatha kuzigwira.

Pa nkhani ya maonekedwe ndili ndi dandaulo ndi amisiri athu a matabwa. Ambiri amakopera. Wogula amabwera ndi chithunzi cha pa foni cha sofa ya m'nyumba yaikulu ya ku Dubai, mmisiri nkuyesa kufanizira ndi maso, zotsatira zake ndi chimpando chodzaza chipinda chonse cha nyumba ya lendi, chosatheka kudutsa pakhomo popanda kuzula chitseko. Komatu kupanga katundu kumayamba ndi funso lakuti: adzakhalapo ndani, m'nyumba yotani? Mphunzitsi kapena namwino amene amasamutsidwa kaŵirikaŵiri akufuna bedi lomasula ndi mabauti, ndi shelefu yopepuka. Banja la chipinda chimodzi likufuna tebulo lopinda. Mpando wa pakhonde kapena wa pakapinga umafuna mtengo wopirira mvula, mipata yoti madzi azitsika, ndi miyendo yosagunda dothi kuopa chiswe. Thupi la munthu nalo lili ndi miyeso yake: mpando wodyera umakhala masentimita ngati 45 kuchokera pansi, tebulo lake ngati 75, ndipo mukaphonya ndi zala zitatu zokha msana wa wokhalapo udzakuuzani. Mfundo yoboola, yoloŵetsa mutu wa thabwa lina m'bowo lake, imakhala zaka makumi, pamene misomali iŵiri yokhomera mwachangu imagwedera chaka chisanathe.

Sitikusoŵa pokopera za kwathu komwe. Mpando wa mfumu wa matabwa aŵiri opingasa, wosemedwa nyama ndi anthu kumsana kwake, alendo akhala akuugula ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay kwa zaka zambiri. Ku Mua, malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 adaphunzitsa osema ambiri kutenga nkhani za Acheŵa, Angoni ndi Ayao nkuziika pa mtengo. Ku Dedza, kuyambira 1987, dongo lomwe amai athu amaumbira miphika lakhala likusanduka mbale, matailosi ndi miphika ya maluŵa. Mlaza wa m'mbali mwa nyanja, mkeka, mphasa, ngakhale lichero, zonsezi zili ndi malo m'nyumba ya makono ngati wina ataganiza bwino za kukula kwake ndi mamalizidwe ake.

Kugulitsa nako ndi phunziro palokha. Funsani kalipentala mmene wapezera mtengo wa kabati, kaŵirikaŵiri adzakuŵerengerani matabwa, misomali, guluu ndi vanishi, nkuikapo kenakake pamwamba. Masiku ake ogwira ntchito saŵaŵerengera, lendi ya shedi ai, kutha kwa sowo ndi puleni ai, ulendo wokatenga matabwa ai. Pofika potsiriza ntchito, ndalama zimene adalandira zatha, ndipo kuti amalize kabati yanu ayenera kudikira wogula wina apereke zake. Umu ndimo masabata aŵiri amasandukira miyezi iŵiri. Si ufiti, ndi masamu a Fomu 2 amene sadachitike. Lero foni yafupikitsa mtunda: chithunzi cha pa WhatsApp kapena Facebook chimafika kwa Mmalaŵi wa ku Johannesburg amene akumanga nyumba kwao ku Mangochi, ndipo ndalama zimabwera pa foni pomwepo. Koma munthu wotumiza ndalama ali kutali amagula chikhulupiriro, ndipo akapsa kamodzi amauza anzake onse.

Chifukwa chiyani tsono achinyamata ophunzira amaithaŵa ntchito imeneyi? Mbiri yake siyonyozeka. Amisiri a kuno ndiwo adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre pakati pa 1888 ndi 1891, ndipo sukulu imene Robert Laws adatsegula ku Khondowe mu 1894 inkaphunzitsa ukalipentala pamodzi ndi uphunzitsi ndi ubusa. Koma m'kupita kwa nthaŵi tidazoloŵera kuganiza kuti wanzeru amavala tayi, ndipo puleni ndi ya amene adalephera mayeso. Zaka za mliri wa Edzi zidaonjezera chilema china, pakuti mashedi ambiri a m'matauni adasanduka opanga mabokosi a maliro okhaokha, kufikira mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, imfa nkuchepa, amisiri nkubwerera ku mabedi ndi makabati. Ife aphunzitsi tili ndi gawo lathu pa mlanduwu. Ndi kangati tidaopseza mwana waulesi kuti akapanda kulimbikira adzakhala wopala matabwa? Ine ndidanenapo, ndipo ndikuchita nazo manyazi.

Njira zophunzirira zilipo. Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Pali makoleji a Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji ang'onoang'ono m'maboma. Malo ngochepa poyerekeza ndi chiŵerengero cha otsiriza Fomu 4 chaka chilichonse, nzoona. Koma wachinyamata amene sadapeze malo angathe kudzipereka kwa mmisiri wodziŵa kwa chaka chimodzi kapena ziŵiri, iye nkubweretsa zimene mmisiriyo alibe: kujambula pulani papepala, kulemba kaundula wa ndalama, kulemberana pangano ndi wogula lonena tsiku ndi mtengo. Amisiri khumi a mseu umodzi atasonkha, angathe kumanga shedi imodzi youmitsira matabwa ndi kugula lole yathunthu nthaŵi imodzi, chinthu chimene mmodzi payekha sangachithe. Ndipo boma, ngati lidatsimikiza mtima potseka chipata, liyenera kutsegula thumba lake: madesiki a m'sukulu ndi mipando ya m'maofesi zigulidwe kwa magulu otereŵa, ndi kulipira pa nthaŵi yake, pakuti mmisiri wamng'ono sangadikire cheke chaka chathunthu.

Pa sukulu imene ndimaphunzitsa, kuseri kwa chipinda chosungiramo mabuku, pali mulu wa madesiki othyoka umene wakhala pamenepo chifikire ine. Zitsulo zake nzabwinobwino. Chofunika ndi thabwa la pamwamba ndi mabauti anai. Ana a Fomu 1 akukhala atatuatatu pa desiki ya aŵiri, ndipo kunsi kwa bwalo la mpira kuli dambo limene nsungwi ikadamera popanda wothirira. Teremu yatha ndidapempha ana a kalasi langa kuti ayeze desiki imodzi, ajambule pulani yake, ndipo aŵerengere matabwa ofunika kukonza mulu wonsewo. Mtsikana wina, amene sayankhula m'kalasi, ndiye adazindikira kuti tikadula matabwawo mopingasa m'malo motsata litali tipulumutsa thabwa limodzi pa asanu ndi limodzi alionse. Nditamfunsa kumene adaziphunzira, adayankha motsitsa mau, ngati akuulula mlandu, kuti bambo ake ndi kalipentala.